Mtsuko wa Mbewu wa Mayi Yeom

Kunyumba kwa a Ma Deoksu, m'mphepete mwa mapiri a ku Sunchang, munthu sankafuna wotchi kuti adzuke. Dzuwa likangotuluka, akazi awo, Mayi Yeom Sunja, ankapita kuseri kwa nyumba kukavundukula mitsuko yawo ya msuzi wakuda wa soya, wokometsera chakudya, kuti iwothe dzuwa, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu amene kwaya inawakana kalekale. A Deoksu ankati mitsuko yokha ndiyo ingapirire kuimba kotero, ndipo pafupifupi m'mawa uliwonse ankalandira chipande chapamsana chifukwa cha pakamwa pawopo. Linali banja lansangala ndi lopemphera, la ana awiri: mnyamata Wonjae ndi mlongo wake Yerin.

Pakati pa mitsuko yonseyo panali umodzi wakale, womangidwa nsalu kukamwa, umene sunkatsegulidwa wamba. Ankautcha mtsuko wa mbewu. Msuzi wa m'menemo Mayi Yeom anabwera nawo pa ukwati wawo, atatapa mu mtsuko wa amayi awo, amenenso anatapa kwa amayi awo. Kamodzi pachaka ankatapamo pang'ono n'kuthira mu msuzi watsopano kuti utenge kukoma kwa makolo, kenako n'kubwezeramo wabwino koposa wa chakacho. Mwana wamkazi akamakwatiwa ankapita ndi gawo lake, ndipo Yerin ankauyang'ana mtsukowo ngati wake kale.

Wonjae atamaliza sukulu ku Seoul ntchito inamusowa, ndiye anabwerera kwawo ndi kompyuta kukhwapa. Koma mnyamatayu mutu unkagwira. Anajambula mitsuko ija, anajambula amayi ake akumwetulira, n'kutsegula sitolo pa intaneti ali m'chipinda chake chogona.

"Sitolo yopanda chitseko?" anafunsa bambo ake. "Ogulawo azilowera pawindo?"

"Ingodikirani, bambo."

Patangopita masiku ochepa, foni inalira kuti ting! banja lonse lili pa chakudya. Mayi wina wa ku Busan anali atagula mabotolo awiri. Yerin anakuwa mpunga uli m'kamwa. Mayi Yeom anavina ndi chipande m'manja, ndipo a Deoksu, amene ankaseka dzana lomweli, anapemphera pemphero lalitali mpaka supu inazizira.

Imeneyo inali miyezi yokoma. Amayi ankathira m'mabotolo, Yerin ankamata mapepala, bambo ankanyamula makatoni kupita nawo kwa otumiza katundu, ndipo Wonjae ankayankha ogula mwaulemu ngati m'busa. Anthu ankalemba kuti msuziwo ukuwakumbutsa kwawo, ena ankati analira atalawa. Denga lodontha linakonzedwa. Wonjae anagulira amayi ake jekete yofiira, ndipo iwo anaivala ngakhale tsiku lotentha kuti amayi a kutchalitchi aione.

Kenako msuzi wa chakacho unatha.

"Amayi, anthu akufuna wina. Pangani msanga."

"Msanga? Mwanawe, soya amafuna mchere, dzuwa ndi miyezi yake. Lemba kuti watha, abwere chaka chamawa."

Analembadi, koma mtima unkamupweteka akamaona foni ili zii.

Sabata yomweyo kunatulukira Gichan, mnzake wa kusukulu wamkulu kwa iye, pa galimoto yonyezimira ngati galasi. Anamutengera kokamwa khofi m'tauni, nakhala miyendo tambasu.

"Mphwanga, ndaiona sitolo yako. Koma iwe ndiye wagona! Ukutuluka thukuta ngati ng'ombe yolima chifukwa chiyani? Ine ndalama zimandipeza ndili mtulo. Ndikadzuka ndimangofunsa foni kuti lero zalowa zingati."

"Nanga msuzi watha, achimwene. Ndigulitse chiyani?"

"Watha kuti? Kufakitale uliko wodzaza migolo! Ine ndili ndi kachipinda kuno ndi anyamata othira m'mabotolo. Iwe bweretsa nkhope ya amayi ako basi. Ogula akadina pa foni, anyamata atumiza, iwe uli chigonere."

"Koma si bodza limenelo?"

"Bodza lake liti? Soya ndi soya, aise. Anthu amadya chithunzi."

Wonjae anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali kuvomera.

Kunyumba anangonena kuti wayamba kuthandiza mnzake kugulitsa zina ndi zina pa intaneti. Makolo ake za makompyuta zinkawadutsa, ndiye anangoti Mulungu adalitse. Foni inayambanso kulira, tsopano osalekeza. Wonjae anayamba kudzuka dzuwa lili paliwombo, tsitsi lili nyankhalala, n'kumayendayenda m'nyumba ndi zovala zogonera ngati wodwala amene akuchira.

"Bwana adzuka!" ankatero Yerin. "Tiwapatse cha m'mawa kapena cha masana?"

Bambo ake sankaseka nawo. "Wonjae, ndalama zimene zikubwera iwe uli chigonere, alipo amene akuzivutikira. Ukumudziwa?"

"Bambo, masiku ano zinthu zinasintha. Makina ndi amene amagwira ntchito."

"Makina alibe manyazi. Iwe uli nawo?"

Posakhalitsa ogula akale anayamba kudandaula kuti kukoma kwasintha. N'zosadabwitsa, pakuti Gichan ankathiramonso madzi kuti mgolo usathe msanga. Wonjae anamuimbira foni ali ndi mantha.

"Usanjenjemere, mphwanga," anatero Gichan. "Suja unati kwanu kuli mtsuko wa makolo? Tapako pang'ono tithire mu mgolo, fungo libwere. Tilembenso kuti botolo lililonse lili ndi dontho la msuzi wa agogo. Mtengo tikweza, ndipo nthawi ino sitinama n'komwe!"

"Umenewo ndi wa ukwati wa mlongo wanga."

"Kodi ndati utenge wonse? Kachipande kamodzi. Ubwezeremo wathuwu, ndani adziwe?"

Lamulungu lotsatira Wonjae anati mutu ukumupweteka. Onse atapita kutchalitchi, anamasula nsalu ija akucheukacheuka. Fungo linamulandira, lokoma, lakuya, lomwe ankalimva ali mwana atagwira siketi ya amayi ake. Anatapa, anabwezeramo wa Gichan, anamanganso bwinobwino. Mphezi sinagwe. Lamulungu linalo mutu unamupwetekanso, ndipo sanacheuke n'komwe.

Malonda anakwera ngati moto wa m'tchire. Wonjae anagula galimoto. Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali tsiku lina n'kunena kuti, "Mwanangu, mutu wako umadziwa bwanji kuti lero ndi Lamulungu? Ngati pali chimene ukubisa, chinene chidakali chaching'ono." Iye anawakumbatira, nawauza kuti akonzeke kukayesa galimoto. Anazungulira nawo tauni yonse, amayi akubayibitsa aliyense pawindo, ndipo funso lija linathera pomwepo.

Masamba atayamba kufiira, ukwati wa Yerin unayandikira. Nyumba inadzaza achibale, nsapato mbwee pakhomo, mafuta akulira m'mapoto. Kunabweranso Mayi Sunok, mng'ono wawo wa Mayi Yeom, wochokera ku Namwon, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene chibadwire sanagwirizanepo ndi akulu akewo pa nkhani ya amene amaphika bwino.

"Achemwali, jekete imeneyi mwabwereka kwa ndani? Mukuoneka ngati tsabola wakupsa!"

"Nsanje, Sunok. Bereka mwana wanzeru nawenso."

Kutatsala masiku awiri, amayi onse anasonkhana kuseri kwa nyumba kuti atapire mkwatibwi gawo lake. Yerin anagwada ndi kamtsuko katsopano m'manja, nkhope ikuwala. Wonjae anaima patali, akudziuza kuti msuzi wakuda ndi wakuda basi.

Mayi Yeom anamasula nsalu, anachotsa chivundikiro, ndipo anthu onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Pamwamba panali nkhungu yobiriwira, pansi pake timadzi tonunkha. Msuzi wa Gichan, wosungunulidwa ndi madzi, unalibe mchere wokwanira, ndipo kutentha kwa chilimwe kunaoletsa mtsuko wonse.

Mayi Yeom sanakuwe. Anangokhala pansi pafumbi ndi jekete yawo yofiira. "Ndalakwitsa pati?" ananong'ona. "Amayi anandipatsa wamoyo, ine ndaupha. Yerin, ndikhululukire mwanangu, amako akalamba."

Mawu amenewo ndiwo anamuthyola Wonjae. Akanatukwana, akanaloza munthu chala, mwina akanalimba mtima n'kukhala chete. Koma kuona amayi ake akusenza tchimo lake pamaso pa abale onse kunamuwawa kuposa chikwapu. Anadutsa pakati pa azimayiwo, anagwada, chipumi mpaka pansi.

"Amayi, si inu. Ndine."

Anaulula zonse: za Gichan, za migolo, za nkhope ya amayi ake pa mabotolo abodza, za mutu wa Lamulungu uja. Yerin anaika kamtsuko kake pansi n'kuthawira m'nyumba akulira. Mayi Sunok anamuyang'ana Wonjae kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anatenga chikwama chawo, n'kutuluka pageti osatsanzika. Aliyense anati apita chifukwa chokwiya.

A Deoksu sanakweze mawu. "Dzuka. Kulira uzilira uli pa kompyuta. Aliyense amene unamunamiza umuuze zoona, ndipo umubwezere zake."

Wonjae anachita zomwezo. Anatseka sitolo, analemba chilungamo poyera, ndipo anthu anamuyankha mawu oti sitingawabwereze pano. Galimoto anadzaigulitsa pambuyo pake. Gichan foni yake inali yozima, ndipo sinayakenso mpaka lero.

M'mawa wa tsiku lotsatira kuulula kuja, Wonjae ali kuseri akutsuka mtsuko uja ndi madzi otentha, pageti panamveka mawu aakulu.

"Kodi muno mwamwalira munthu? Tandilandirani, mikono yathyoka!"

Anali Mayi Sunok, atafungatira kamphika kokutidwa ndi nsalu ngati khanda. Anali atakauyika pamiyendo ulendo wonse wa pa basi, akukalipira dalaivala pa bampu iliyonse.

"Achemwali, mwaiwala kuti inenso ndinakwatiwa? Mumayesa amayi anapatsa inu nokha? Mbewu ndi yomweyo. Kungoti yanga ndi yokoma kuposa yanu ija."

Mayi Yeom anavundukula, ananunkhiza, anaviika chala n'kulawa. Misozi inayamba kutsika. "Ndi amayi enieni," anatero. Kenako anapukuta m'maso. "Koma wachulutsa mchere, Sunok."

"Mwaona? Munthu wosayamika! Bweretsani ndibwerere nawo!"

Kuseka kunabuka pabwalo ponse, ngakhale Yerin anaseka maso ali otupa. Msuziwo unali wochepa, chifukwa mtsuko wa Mayi Sunok sunali waukulu. Anaugawa pawiri. Yerin analandira kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala, m'malo mwa kamtsuko kodzaza kamene ankakayembekeza kuyambira ali mwana. Anakagwira ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa mchimwene wake.

"Achimwene, ndakukhululukirani. Koma pa ukwati mawa mutsuka mbale zonse, ndipo mudzuka nthawi ya anthu."

Ukwati unakoma. Anthu anadya mpaka kumasula malamba, a Deoksu anavina mopanda manyazi, ndipo Wonjae anatsuka mbale akuimba, chifukwa mtima unali utapepuka koyamba m'miyezi yambiri.

Alendo atabalalika, mtsuko wakale utauma bwino padzuwa, Mayi Yeom anamuitana kuseri. Anamupatsa theka lotsala lija kuti athire yekha. Linangonyowetsa pansi pa mtsuko. Wonjae anasuzumira, naona kutalika kwa malo opanda kanthu kuchokera pansi mpaka kukamwa.

"Amayi, udzadzaza liti?"

"Kachipande pachaka, mwanangu. Udzadzaza ndithu, koma ine sindidzauona. Ntchito imeneyo ndi yako tsopano."

Wonjae anamanga nsalu ija mosamala, misozi ikugwera pa chivundikiro.

Chaka chotsatira anatsegulanso sitolo yake, yaing'ono, yogulitsa zokhazo zimene manja a m'nyumbamo apanga. Ogula ena anabwerera, ambiri sanabwerere.

Achinyamata, intaneti si tchimo, ndipo kupeza ndalama uli kunyumba si tchimo. Tchimo ndi ulesi umene umafuna kudya osagwira ntchito, chifukwa ulesi ukasowa chogulitsa umanama, ndipo bodza likafuna chophimba limaba, kuyambira m'nyumba mwa eni ake. Wina akakuuzani kuti ndalama zizikupezani muli mtulo, mufunseni kuti akulipira ndani. Wonjae anapulumuka chifukwa analapa, ndiponso chifukwa kunali mayi ake aang'ono ku Namwon. Mulungu amakhululuka, ndi zoona, ndipo amayi ake anamukhululukiradi. Koma chimene mibadwo inasunga, iye anachiwononga m'chilimwe chimodzi, ndipo amayi ake adzapita osauonanso mtsuko wawo uli wodzaza.