Katombolombo ka Mapiko a Uchi

Chilala chitaumitsa zitsime zonse, ng'ombe khumi ndi ziwiri za make mapasa zinathyola khola n'kulowera kuthengo kukafuna madzi. Ng'ombezo anamusiyira ndi malemu mwamuna wake, ndipo mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, ankazilirira kuyambira tsiku la maliro. Atamva kuti zathawa, anafika nkhwangwa ili paphewa.

"Ndinanena ine kuti mkazi sangasunge ng'ombe. Ndikakazipeza ndi zanga."

"Ndiye tipitira limodzi, alamu," anatero mayiyo, akudzaza zigubu ziwiri.

Anatengana ndi mlenje wina wokalamba, wodziwa kutsata mapazi a nyama. Masiku awiri anadutsa m'nkhalango yopsa ndi moto, phulusa likuwalowa m'mphuno. Mlamuyo ankayenda patsogolo osacheuka, ndipo ikafika nthawi yomwa ankakhalitsa chigubu pakamwa. Tsiku lachitatu mapazi a ng'ombe anasowera pathanthwe. Madzi anali atangotsala pansi pa chigubu chimodzi.

"Titsike ndi khwawa ili," anatero mlamuyo. "Madzi amakhala kumunsi."

"Ndinaliyendapo limenelo," anayankha mlenje, milomo itang'ambika. "Ndi mchenga wokhawokha mpaka mawa."

Ali mkati mokangana, kachilombo kena kanatera pampini wa nkhwangwa. Mlamuyo anavula chipewa kuti akaphwanye. "Ndi mavu omwe atilondola."

Make mapasa anamugwira dzanja. "Musakaphe. Si mavu amenewa."

Anawerama n'kukayang'anitsitsa. Kanali kakafupi kuposa chala chakanise, ndipo kankagwedeza kumchira ngati mavu ndithu. Koma maso ake anali aakulu, odzaza mutu wonse, kanalibe tinyanga titalititali, ndipo mapiko ake anayi anali otambasuka, ofiirira ngati uchi ukauyang'anira padzuwa. Mayiyo anakulira pamaiwe a nsomba a bambo ake, ndipo tizilombo totere anatidziwa ali mwana.

"Ndi tombolombo, kamphongo. Kakakazi kamakhala ndi mapiko oonekera, a madontho."

"Tombolombo amauluka paliponse, ngakhale pamsika," anatero mlamuyo.

"Akuluakulu aja, inde. Aka sikatalikirana ndi madzi odekha. Kamasankha bango limodzi n'kumalilondera, kakapita kusaka kamabwerera pomwepo. Madzi ali pafupi, alamu."

Mlamuyo analavula malovu ouma. "Mkulu wanga munamutopetsa ndi nzeru zomwezi. Katsateni kachilombo kanuko." Anatsomphola chigubu chamadzi chija n'kutsetsereka ndi khwawa.

Katombolombo kanauluka motsika, kulunjika kuchitsamba chaminga kuseri kwa thanthwe. Mayiyo anakatsata chokwawa, minga ikumukala m'manja, mlenje akupuma movutikira pambuyo. Kawiri konse kanamusowa. Kenako anaona kena pansonga ya udzu, kenako titatu tikuthamangitsana. Fungo la matope linamufika.

Dziwe linali pakati pa miyala, lobiriwira ndi ndere, mabango m'mbali. Ng'ombe zake zinali zitaunjikana tsidya lina. Asanaziitane, chimene ankachiyesa mwala m'matopemo chinadzuka. Inali njati yamphongo, yokhayokha. Inatsitsa mutu n'kubwera.

Mayiyo anataya chigubu n'kukwera thanthwe ndi mawondo. Nyanga inamenya mwala pansi pa phazi lake, zibanthu n'kumuthethekera m'miyendo. Mlenje anawombera m'mwamba ndi mfuti yake yakale. Njatiyo inaima, inafwenthera, kenako inathyola mabango n'kupita.

Atamwa, anaona mafupa a ng'ombe zitatu zimene afisi anadya. Mayiyo anadzaza chigubu n'kuchisenza.

"Musiyeni mlamu wanuyo, mayi," anatero mlenje. "Anatithawitsira madzi."

"Nanga mapasa akakandifunsa za bambo awo aang'ono, ndikati chiyani? Inu sungani ng'ombe."

Anamupeza dzuwa litapendeka, ali chafufumimba pamchenga. Anali atakumba dzenje ndi manja mpaka zikhadabo kutuluka magazi, koma pansi pake panali pouma gwa. Mayiyo anamutembenuza n'kumuika chigubu pakamwa. Munthuyo anamwa, anatsokomola, anamwanso, n'kutsegula maso.

"Zapezeka zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Ndiye zitatu mwataya."

Make mapasa anamuchotsa chigubu pakamwa n'kuchitseka. "Dzukani. Mukatsalira sindibweranso."

Anafika kwawo tsiku lachisanu ndi chimodzi, ng'ombe zili patsogolo, mlamuyo akudzikoka kumbuyo ndi ndodo. Anthu atamva kuti kuthengo kuli madzi, mabanja asanu ndi awiri anatulutsa ziweto zawo, mayiyo akuwatsogolera, ndipo zambiri zinafika nyengo ya mvula zili moyo.

Mlamuyo sanamupatsenso moni. Koma mbuzi zake nazo zinkafuna kumwa, ndipo njira yakudziwe sankaidziwa. Ndiye ankaima kuseri kwa nyumba yake, kudikira kuti ng'ombe za mayiyo ziyambe zanyamuka, iye n'kumatsata fumbi lake chapatali.