Mzere Wobiriwira pa Nkhope ya Namwino

Makina osokera mabatani anafa pa tsiku lachitatu la mtsikana wina chiyambireni ntchito. Singano inathyoka, ulusi unakolana kunsi, ndipo mtsikanayo anangoti kakasi, akuganiza kuti basi amuchotsa asanadziwe n'komwe kumene anthu amasamba m'manja. Pafakitale yosoka mayunifolomu imene anayambako ntchitoyo anali atamupatsa kale dzina loti Wamabatani.

Posakhalitsa anatulukira Makaniki, mnyamata wamtali wa ovololo yothimbirira ndi girizi. Anagwada pansi pa tebulo n'kumuyang'ana cham'mbali.

"Musalire, achemwali. Makina awa amachita nsanje akaona munthu wokongola."

"Sindikulira ine."

"Nanga maso afiiriranji? Kapena dzulo munaonera filimu yachisoni?"

Wamabatani anaseka asakufuna. "Ndinaoneradi. Ija ya mayi wosiya mwana pasiteshoni ya sitima."

"Aa, yabodza ija! Munthu angaiwale mwana n'kukumbukira chikwama?"

"Sanamuiwale! Anamusiya dala kuti asilikali asamupeze naye."

Makaniki anasiya kumanga lamba wa makina. "Ndiye inu mumaonera ndi mtima. Ine ndimangoonera ndi maso. Mudzandiphunzitseko tsiku lina."

Ndani akanapirira mawu otere? Makina anachira m'mphindi khumi zokha, koma amene anayamba kudwala anali Wamabatani.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. M'mawa: "Wadzuka bwanji, kabatani kanga? Popanda iwe ndine malaya osamanga." Masana: "Ndadutsa kawiri patebulo lako, makina alibe vuto, vuto lili ndi ine." Mtsikanayo ankawerenga ali m'chimbudzi cha kuntchito, akumwetulira chitseko ngati wozungulira mutu.

Koma chikondicho chinabwera ndi lamulo lake.

"Kuntchito sitidziwana, wokondedwa," Makaniki anamuuza atamugwira manja onse awiri. "Kapitawo akangomva, woyamba kuchotsedwa ndiwe, poti ndiwe watsopano. Undipirire pang'ono. Akangondikweza kukhala mkulu wa amakaniki, ndidzakugwira dzanja pageti anthu onse akuona."

Wamabatani analisunga lonjezolo mumtima ndipo ankalibwereza tsiku lililonse: "Ndidzakugwira dzanja pageti anthu onse akuona." Anadikira mwezi umodzi. Anadikira miyezi itatu. Inakwana isanu ndi itatu, pageti akutulukabe yekha.

Tsiku lake lopita kwa Makaniki linali Loweruka, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Lamlungu ayi, chifukwa Makaniki ankati amakaona mayi ake odwala miyendo. Wamabatani ankalowera kanjira ka kuseri, n'kupeza makatani otseka kale. Chipindacho chinali ndi bedi, mpando umodzi ndi laputopu yakale yokhala pampandopo. Laputopuyo inali itagwapo nthawi ina, ndiye pagalasi pake panali mzere wobiriwira wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Aliyense wa m'filimu akaima chakumanzere, mzerewo unkamudula pankhope.

Maola atatu amenewo anali okoma, tisanamizane. Ankakangana za mafilimu, ankaseka, Makaniki ankamupukuta misozi ndi chala. Koma 5 koloko ikakwana, mnyamatayo ankayamba wasuzumira panja, kenako n'kunena kuti, "Tsopano ungathe kutuluka."

Kodi munthu wokondedwa amatulutsidwa chonchi? Wamabatani ankadzifunsa ali m'basi, n'kudziyankha yekha kuti ndi za kanthawi. Nambala ya bwenzi lake anailemba kuti "Wokonza Makina." Chithunzi cha awiriwo analibe ngakhale chimodzi. Mkulu wake, amene ankakhala naye nyumba imodzi, akamufunsa kuti, "Iwe, Loweruka lililonse umasowera kuti?" ankayankha kuti kuntchito kwachuluka maoda. Bodza limeneli linkamuwawa kuposa onse.

Kusiya sakanatha, kunena sakanatha. Anali ngati ulusi wokolana m'makina, ukakoka uduka, ukasiya susoka.

Kufakitaleko kunali kachipinda komwera tiyi, kopanda windo, kachitseko kamodzi, tebulo lalitali ndi mabenchi awiri. Lolemba lililonse 10 koloko, kachipindako kankasanduka bwalo loweruzira mafilimu. Woweruza wamkulu anali amayi odula nsalu, munthu wathupi amene sankakhulupirira mwamuna aliyense wa m'filimu. Panalinso adalaiva a fakitale, amene kwa iwo filimu yopanda zibakera inali kuwononga batire. Ndiye panali Kaphokoso, mtsikana wosita zovala, mnzake wapamtima wa Wamabatani. Ndi iye anamuphunzitsa kuzemba maso a kapitawo, ndipo ankagawana buledi ndi ambulera.

Lolemba limenelo Wamabatani anakhala pakona, khoma kumsana, khoma kumanja, amayi odula nsalu kumanzere. Makaniki anaima pakhomo ndi kapu yake, akumuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira kabati.

"Ija ya akuba m'banki ndaimaliza," adalaiva anayamba. "Galimoto kugubuduka kanayi, munthu n'kutuluka tayi ili chilili! Imeneyo ndiye filimu."

"Filimu yanji yopanda nkhani?" amayi odula nsalu anawadula. "Phokoso lokhalokha. Ine ndinagona pakati, podzuka ndinapeza akuthamangitsanabe pamsewu womwewo."

"Nanga inu mwaonera chiyani, mayi?"

"Ija ya namwino ndi woyendetsa ndege. Aliyense akuikamba."

Anthu anayamba kulankhula nthawi imodzi. Wina anati ndi yaitali mopanda chifukwa. Wina anati nyimbo zake zokha n'zimene zinamugwira. Adalaiva anati namwinoyo ndi chitsiru, zaka zitatu kudikira munthu amene amangotumiza makalata!

"Si chitsiru," Wamabatani analankhula motsitsa. "Anamulonjeza. Munthu akakulonjeza umadikira."

"Mwana iwe," amayi aja anapukusa mutu, "mwamuna uja ndinamuona maso ake filimu itangoyamba, ndinati uyu ndi tambwali. Nanga kumapeto kuja sunaone?"

Wamabatani filimuyo sanaimalize. Kumapeto sanakuone. Loweruka lapitalo, namwino atathamanga pabwalo la ndege nsapato imodzi ili m'manja, atafika pachitseko n'kuchikankha, filimu inaima pomwepo. Anayesa kubweza, anayesa kuzimitsa laputopu, koma ayi ndithu. Makaniki anati fayilo inakopedwa molakwika ndipo adzapeza ina.

Asanapeze bodza loti ayankhe, Kaphokoso anamenya tebulo.

"Musanene! Chonde musanene mathero ake! Ine dzulo inandithera panjira. Namwino wafika pachitseko, wakankha, basi filimu gwa! Yaima. Ndinatsala pang'ono kulira."

Anthu anaseka. Wamabatani nayenso anaseka pang'ono. Mafayilo oipa amayenda m'mafulashi ambiri, nanga n'zachilendo?

"Ndiye taganizani," Kaphokoso anapitiriza akutafuna buledi, "mphindi makumi awiri tikuyang'ana namwino ali yasaa kukamwa, chimzere chobiriwira chija chitamudula pakati pa diso. Ndinachita kumulota!"

"Mzere wanji?" adalaiva anafunsa. "Mwanga munalibe mzere."

"Ngakhale mwanga," anatero amayi odula nsalu. "Unaonera pa chiyani iwe? Ndipo ukuti 'tikuyang'ana,' munali ndi ndani?"

Kaphokoso anatseka pakamwa ndi dzanja.

Tiyi anazizira m'kamwa mwa Wamabatani. Dzulo? Dzulo linali Lamlungu! Anakweza maso kuyang'ana pakhomo. Makaniki anali akuyang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera ntchentche, kenako anatembenuka n'kuchoka mwakachetechete.

Wamabatani ankafuna kukuwa. Ankafuna kudumpha tebulo, kumuthamangira, kumugwira ovololo. Koma akanadutsa pati? Khoma uku, khoma uku, amayi odula nsalu atadzaza benchi, akumuseka Kaphokoso kuti wagwidwa. Ndipo akanakuwa kuti chiyani, poti pamaso pa anthu onsewa iye ndi Makaniki sankadziwana? Anakhala pomwepo mpaka belu linalira, akumwetulira kuti asaoneke.

Asanafike n'komwe pamakina ake, foni inanjenjemera m'thumba.

"Kabatani kanga, usaganize zambiri. Laputopu ndinangomubwereka, anaonera ndi azibale ake. Mtima wanga uli ndi chipinda chimodzi ndipo kiyi ali ndi iwe."

Anawerenga kanayi. Mwina n'zoona? Anthu amabwerekana zinthu. Mwina iye ndi amene ali ndi mtima woipa, wokayikira munthu wosalakwa. Taonani mmene chikondi chimapusitsira: mtsikana wanzeru zake anakhala maola awiri akusoka mabatani, uku akumuikira kumbuyo munthu amene wamubaya. Mabatani asanu ndi limodzi anawasoka mokhota, kapitawo mpaka anamukalipira.

Nthawi ya nkhomaliro, Kaphokoso anamukoka dzanja. "Tiye kuno, ndikufuna ndikuuze kanthu."

Analowa m'chipinda chosungira nsalu. Mipukutu inali itaunjikidwa mpaka kudenga, kanjira kapakati kongokwana munthu mmodzi. Kaphokoso anatseka chitseko n'kuchitsamira. Nkhope yake yanthabwala ija inali itachoka.

"Pakamwa pangapa padzandiphetsa," anayamba. "Wandikalipira pafoni kuti ndatsala pang'ono kuwononga zonse. Koma ine ndatopa, mnzanga. Ndikapanda kuuza munthu ndiphulika. Ulumbire kuti sunena."

Wamabatani sanalumbire.

"Ndi Makaniki," Kaphokoso ananong'ona, maso akuwala ndi misozi. "Chaka ndi theka tsopano. Ndimapita kwake Lamlungu lililonse masana. Loweruka sapezeka, amakaona mayi ake, amavutika miyendo."

"Miyendo," Wamabatani anabwereza ngati wolota.

"Eya. Ndi munthu wabwino, iwe, sungamvetse. Amanditchula kuti kamoto kake. Akuti tibise kaye chifukwa cha kapitawo, koma anandilonjeza. Akuti akangomukweza..."

"Usamalize."

"Bwanji?"

"Ndangoti usamalize."

Kaphokoso anamuyang'ana modabwa, kenako anamugwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Dzanja la Kaphokoso linali lotentha, lokhakhala chifukwa cha simbi.

"Miyezi itatu," anatero. "Ndinamuuza dzulo, filimu itaima ija. Anangoti tiganize kaye, ndisauze aliyense. Koma yunifolomu yayamba kundithina. Kwathu bambo anga sadziwa. Lachisanu ndikupita kuchipatala koyamba, ndipo iye akuti sangandiperekeze, anthu angamuone. Ndiperekeze iwe, chonde. Ndilibe wina amene ndingamukhulupirire."

Mtima wa Wamabatani unasweka pomwepo, ndipo unasweka pawiri. Mbali ina inkalira miyezi yake isanu ndi itatu, mabodza onse amene anauza mkulu wake, geti lija limene ankaliyang'ana madzulo alionse. Mbali ina inkalira mtsikana ameneyu, amene anaima patsogolo pake atatsekereza chitseko, akumupempha chifundo osadziwa kuti akupempha ndani.

Akanatha kungovomera. Akanamuperekeza Lachisanu, n'kumusiya Makaniki mwakachetechete, chinsinsi n'kufa nacho. Ntchito ikanatsala, ubwenzi ukanatsala. Koma ndiye kuti Kaphokoso akanapitiriza kulowera kanjira ka kuseri, mimba ili kutsogolo, akudikira kukwezedwa kwa munthu amene mwina ngakhale Lachitatu ali ndi wake. Nanga akanena? Kaphokoso akanamuda mpaka imfa, ndipo pofika mawa fakitale yonse ikanadziwa.

Foni inanjenjemeranso m'thumba. Anaitulutsa. "Wokonza Makina" analemba kuti: "Wakhala chete bwanji, moyo wanga? Loweruka ndakupezera filimu ina yabwino. Ukhulupirire ine basi."

Kukhala chete! Miyezi isanu ndi itatu anakhala chete chifukwa cha munthu ameneyu, ndipo lero akufunsa kuti wakhala chete bwanji?

"Ndani ameneyo?" Kaphokoso anafunsa akupukuta misozi, n'kuyesa kuseka. "Nawenso uli ndi wako wobisa eti? Mwana woipa iwe!"

Wamabatani anabweza mauthenga m'mbuyo mpaka pa woyamba weniweni. Anatsegula chikhatho cha mnzakeyo n'kuikamo foniyo.

"Lachisanu ndikuperekeza, ukafuna," anatero, misozi ikutsika osaipukuta. "Koma uyambe wawerenga izi, kuyambira pamwamba. Uone nambalayo."

Kaphokoso anayang'ana nambala ija, milomo yake ikuiwerenga chamumtima. Anaidziwa asanafike pakati. Anatsetsereka pachitseko mpaka kukhala pansi.

"Iwe?" anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana. "Nanga mayi ake aja?"

Wamabatani anagwada pambali pake pa simenti yozizira.

"Kulibe mayi odwala miyendo, mnzanga. Wa Loweruka ndine."