Mapu Opanda Dontho la Magazi

Wapolisi wofufuza milandu anatsika basi mdima utagwa kale. Tauni ya m'malire imeneyi anali asanaipondepo. Anam'tengera kunyumba yosungira zolemba zakale, m'chipinda chowerengera.

Mtembo unali ukadali pampando, mutu uli patebulo. Anali mtsikana wa kuyunivesite, mmodzi mwa atatu omwe anapatsidwa thandizo la chaka chonse kuti afufuze mbiri ya anthu a tsidya lino ndi tsidya linalo. Anam'menya kunkhongo ndi chitsulo chotsinjirira mapepala. Mabuku anali mbwee pansi.

Apolisi a komweko anali atatsekera kale mlonda. Foni ya malemu anam'peza nayo. Iye ankalumbira kuti anaitola pachipata. M'mawa mwake ankayenera kupita naye kukhoti. Mkazi wake anali pakhonde la polisi, mwana kumsana, osalira, akungoyang'ana nsapato za aliyense wodutsa. Wofufuzayo anam'lambalala.

Mayi wosunga zolemba anati iwo anachoka masana kupita kuchipatala. Anam'siya mtsikanayo atayala mapu akale patebulo. Anzake awiri aja anali tsidya linalo. Atapanikizidwa, mayiwo anatsitsa mawu: chibwerereni kumidzi sabata yatha, mtsikanayo anasiya kupereka moni kwa Pulofesa, amene amasankha olandira thandizolo. Buku lawo la mbiri ya m'malire ndi lomwe linawatchukitsa.

Wofufuzayo anabwerera m'chipinda muja. Anagwada. Mabuku omwazidwa onse anali atsopano. Lakale silinagwe ngakhale limodzi. Mapu aja anali pamwamba pa kabati, opindidwa bwino, omangidwa ndi kansalu. Anawatambasula. Tebulo lonse magazi, mapu opanda dontho.

Wofufuzayo anakawapeza Pulofesa muofesi yawo, tiyi atazizira m'kapu.

"Bambo, wakuba wa kuno ndi waulemu," anatero. "Amasankha mabuku oti aponye pansi."

"Akuba ndi osiyanasiyana, achimwene."

"Uyu anayamba wachotsa mapu patebulo, n'kuwapinda, n'kuwamanga. Chitsulo anatola pambuyo pake. Mlonda uja mapu angakulungire nsomba."

Pulofesa anavula magalasi, nawapukuta, nawapukutanso.

"Mapu amenewo ndi okhawo padziko lonse," anatero motsitsa.

"Mtsikanayonso anali yekhayo kwa mayi ake."

Apo mkuluyo anamasuka. Ali mnyamata, naye analandira thandizo lomwelo. Mtsinje wa m'malire sanauwoloke. Ankaopa nkhondo yomwe inali tsidya linalo. Anakhala m'chipinda cha lendi n'kupeka mawu a nkhalamba zomwe sanazione. Mtsikanayo anapita kumidziko kukafuna ana a nkhalambazo. Anapeza kuti mayinawo palibe anawamvapo. Anati akanena pamsonkhano wa ophunzira.

"Ndinam'pempha ngati mwana wanga. Anati mbiri si ya ine. Ndinamuuza kuti tichotse mapu kaye tikambirane. Anandithandiza kupinda."

Foni ya mtsikanayo Pulofesa anaiponya pachipata dala.

Kutacha, wofufuzayo ananyamula chikwama chake. Mlonda anatuluka m'chitolokosi atagwira buluku, lamba atam'landa dzulo. Mkazi wake anaimirira, nam'funsa ngati anadya.

Basi yoyamba inali italiza kale hutala. Wofufuzayo anakhala kuwindo. Mtsinje uja anauona pokhota, wochepa, ana asukulu akuwoloka nsapato zili m'manja.