Kompyuta Yogulidwa ndi Mpunga wa Tamara

Tamara anakumana ndi Limbani pa Jali, m'kashopu kokonzeramo mavidiyo a maukwati. Anapita kukatenga vidiyo ya chinkhoswe cha achemwali ake, koma anapeza kompyuta ikungolira pansi pa tebulo, ntchito isanafike ndi pakati pomwe.

Limbani anamupatsa mpando napepesa. Anamufotokozera kuti ubongo wa kompyuta umatchedwa pulosesa, ndipo yakeyo inali ndi makoo awiri okha, ngati anthu awiri owokera mpunga m'munda waukulu. Medson, mwini shopu ya tsidya la msewu, anali ndi ya makoo anayi, n'chifukwa chake makasitomala ankathamangira komweko.

"Koma lero ulesi wake ndikuuyamika," anatero Limbani, "wandisungira duwa m'shopu muno."

Tamara anaseka. Akanadziwa bwanji?

Chikondi chinakula, mauthenga a pafoni osaduka. "Wapamtima wanga, ndikangomugwetsa Medson, amalume afika kwanu. Ukwati wathu ndidzaukonza ndekha, wokongola kuposa onse a kwa Mwambo."

Koma Medson anatsitsanso mitengo, phindu la Limbani n'kutheratu. Tsiku lina Limbani anauza Tamara kuti makampani akunja opanga mapulosesa akulimbirana msika, mitengo yagwa, ndipo ku Blantyre kwabwera kompyuta za makoo asanu ndi atatu. Ananena zimenezi akumusisita dzanja, maso ali pansi.

Tamara anagulitsa mpunga wake wonse wa ku Likangala kwa mavenda, nthawi yokolola yomweyo, mtengo uli pansi, n'kupatsa Limbani ndalamazo. Amayi ake anamufunsa kuti mvula ikadzayamba adzadya waya kodi. Sanawamvere.

Limbani anapita ku Blantyre Lachisanu, nabwera Lolemba ndi bokosi lakuda lonyezimira.

M'mawa wa Lachitatu Tamara anapita kukaona kompyuta yatsopanoyo, atatengako matemba okazinga. Limbani anadzidzimuka pomuona. Anati kompyuta ikumaliza vidiyo ya kasitomala, asaigwire, itha madzulo ndithu, ndipo anatuluka kukamwa kaye tiyi. Mutu wake unali udakali pa ulesi wa kompyuta yakale ija.

Makoo asanu ndi atatu sanadikire madzulo. Tiyi asanazizire, vidiyo inatha n'kudzitsegula yokha.

Chinkhoswe! Limbani atavala malaya a chitenje, akuveka mphete Getrude, mlongo wake wa Medson. Tsiku linalembedwa pakona: Loweruka lomwe lija ankati ali ku Blantyre. Kenako Medson anaimirira n'kuuza anthu kuti mashopu awiri aja tsopano ndi banja limodzi, zotsitsirana mitengo zatha.

Limbani analowa akupukuta pakamwa, naima ngati chitsa.

"Kasitomala wako ndamuona," anatero Tamara. "Wavina bwino."

"Dale, ndimvere kaye. Ndi zabizinesi izi. Tikanapitiriza kulimbana, tonse tikanatseka. Mtima wanga uli kwa iwe."

"Usanditchulenso dale. Mtima uli kwa ine, mphete ili kwa Getrude, nanga mpunga wanga uli kuti?"

Limbani anayamba kulonjeza kuti phindu likabwera adzabweza, ndipo zachinkhoswezo zikhoza kutha. Zikhoza kutha? Ndiye kuti Getrude nayenso anali munda woti akolole n'kuusiya?

Anagwada pansi pa tebulo n'kuzula mawaya onse. Limbani anamugwira pamkono, koma amayi ogulitsa tomato anali atadzaza kale pakhomo, ndipo anamusiya.

"Sudziwa n'kuyatsa komwe, uitani?"

"Kuwokera mpunga ndinaphunzira. Ichi sichingandikanike. Chipinda cha pafupi ndi chigayo chilibe munthu, ndikatsegulamo shopu yanga. Ukawauze alamu ako kuti zotsitsirana mitengo zangoyamba kumene."

Anapinda chitenje n'kupanga nkhata, nasenza bokosilo monga ankasenzera matumba ake a mpunga. Linali lidakali lofunda.

"Nanga vidiyo yathu? Kwawo kwa Getrude akuidikira mawa."

Tamara anatembenuka. Misozi inali itatsika, koma mawu ake sanagwedezeke.

"Yakale ija ilipo. Uiyatse, ukhale pansi, udikire monga ndinadikirira ine."

Matemba aja anawatenganso.