Bambo Atseka Mazenera

Kunyumba ankamutcha Kampheta. Anali wamng'ono. Analinso wosakhazikika. Ukamuona apa, wafika kale apo.

Tsiku limenelo Kampheta ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuthandiza Bambo.

Amayi anali kuchipatala. Anali ndi mwana wakhanda. Madzulo a tsikulo anali oti abwera naye kunyumba.

Bambo anali kalipentala. Anapangira mwanayo kabedi. Kanali kabedi kokongola zedi. Kanangotsala kupaka penti.

"Bambo, ndigwireko bulashi?" anafunsa Kampheta.

"Ayi, mwanangu," anatero Bambo. "Iwe ndi wodumphadumpha. Undibweretsera fumbi."

Bambo ndi fumbi sankamwerana madzi. Fumbi likagwera pa penti yaiwisi, limamatirira. Likamatirira, penti siwala.

Ndiye Bambo analowetsa kabedi m'chipinda chogwirira ntchito. Anatseka zenera lakumaso. Anatseka zenera lakumbuyo. Anatseka chitseko. Pansi pa chitseko anafinyikirapo chiguduli. Fumbi likanalowera pati? Panalibe.

"Usatsegule, wamva?" anatero Bambo ali mkati.

"Ndamva, Bambo."

Kampheta anakhala pakhomo. Anatchera khutu. Anamva bulashi ikuyenda. Anamva Bambo akuimba mluzu. Bambo akakhala pantchito, mluzu sutha pakamwa.

Kenako mluzu unaleka.

Bambo anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenako m'chipinda munangoti zii.

"Bambo?" anaitana Kampheta.

Zii.

Kampheta anasuzumira pa galasi la zenera. Bambo anali atakhala pansi. Anali atagwira mutu. Bulashi inali itagwa. Bambo ankapuma movutikira.

Kampheta anachita mantha, tisanamizane. Paja Bambo anati asatsegule. Koma penti yowala ndi Bambo, chachikulu n'chiti? Funso limeneli Kampheta sanavutike nalo.

Anakankha chitseko. Chiguduli chinakana. Anakankhanso ndi phewa. Chitseko chinatseguka.

Fungo la penti linamuwomba kumaso. M'maso munalengeza misozi. Kampheta anatsina mphuno. Anathamangira zenera lakumaso. Analitsegula. Anathamangira zenera lakumbuyo. Analitsegula.

Mphepo inalowera uku. Inatulukira uko. Inalowa ndi fumbi lomwe.

"Bambo, tiyeni panja," anatero Kampheta. "Gwirani phewa langa."

Phewalo linali laling'ono, koma linagwira ntchito. Bambo anadzuka. Anayenda dzandidzandi mpaka panja. Anakhala pansi pa mtengo.

"Pumani, Bambo," anatero Kampheta. "Kokani mpweya. Tulutsani. Kokaninso."

Chifuwa cha Bambo chinakwera. Chinatsika. Chinakwera. Chinatsika. Pang'ono ndi pang'ono chizungulire chinatha.

"Ndinalakwitsa, mwanangu," anatero Bambo. "Ndinatsekera fumbi kunja. Ndinatsekeranso mpweya wabwino kunja."

"Ndiye mumapuma chiyani mkatimo?"

"Mpweya womwewo womwewo. Unadzaza fungo la penti. Zimene zili mumpweya zimalowa m'mphuno. Zikalowa m'mphuno, zimatsikira m'mapapo."

Kampheta anawayang'ana pachifuwa.

"Ndiye mwadzipaka penti mkati?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomolanso. "Mwana iwe, pakamwa pakopo."

"Nanga pano mukupuma chiyani?"

"Mpweya wa panja pano. Masamba awa amatikonzera mpweya wabwino. Udzu uwonso umathandiza. Ife timakoka, iwo amakonza."

Kampheta anakoka mpweya wambiri. Unali wozizirira. Unali wokoma.

Fungo litachepa, anatulutsa kabedi. Bambo ananyamula kumutu. Kampheta ananyamula kumiyendo. Anakaika pakhonde.

Kabedi kanali mbuu ndi fumbi. Kanthenga ka nkhuku nako kanamatirira pakati penipeni. Bambo anapukusa mutu. Zinawawawa, chifukwa kabediko anakavutikira.

Kampheta sanapepese. Anaima nji.

"Fumbili mukwecha mawa," anatero. "Kabedi mukhoza kupanga kena. Nanga Bambo ena tikawatenga kuti?"

Bambo anangomukokera pachifuwa. Anamugwira nthawi yaitali.

Madzulo Amayi anafika. Anafika ndi mwana m'manja. Anaona kabedi pakhonde. Anakanunkhiza.

"Kokongola," anatero Amayi. "Nthengayi ndi yokongoletsera?"

"Afunseni Bambo," anatero Kampheta.

Bambo anakanda kumutu. Anafotokoza zonse. Sanabise kanthu. Amayi anamva chisoni, kenako anayang'ana Kampheta monyadira.

"Kabedika kakhale kaye pakhonde," anatero Amayi. "Fungo lithe lonse. Mapapo a mwanayu ndi aang'ono."

"Nanga timugoneka pati?" anafunsa Bambo.

"Usiku agona ndi ine. Koma panopa manja anga atopa."

Kampheta anakhala pampando. Anakhala pafupi ndi zenera lotsegula. Anatambasula manja. Amayi anamupatsa mwana.

Mwanayo anali mtulo. Kachifuwa kake kankakwera. Kankatsika. Kampheta anamva kampweya kofunda padzanja pake.

"Bambo, akupuma bwino," ananong'ona Kampheta. "Nanga inu?"

Bambo anakoka mpweya. Anautulutsa pang'onopang'ono.

"Nanenso, mwanangu."