Kugogoda pa Chitseko cha Lole

Njinga inali imodzi, anthu awiri, ndipo ntchito imene ankakafunsira, malinga ndi mbiri imene inamveka m'midzi ya kwa Nkomeshya, inali imodzinso. Yotam ndiye ankapalasa. Mkulu wake, Ezron, anakhala pambuyo miyendo ili lendelende, akuyang'ana msana wa mng'ono wakeyo ngati kuti msanawo unamulakwira.

Chimene chinamutupitsa nkhope m'mawa umenewo anali mawu a amayi awo, a Nelesi. Powaperekeza, anagwira Yotam paphewa nati, "Mulungu akutsogolere, mwana wanga, ukabwere nayo nchito." Kenaka, ngati munthu wokumbukira mchere ndiwo zitapsa kale, anawonjezera kuti, "Naiwenso, Ezron."

Naiwenso! Iye mwana wachisamba, woyamba kugwira chiwongolero m'banja monsemo, lero wasanduka "naiwenso"? Mawuwo anamukhala pakhosi njira yonse.

Kunena zoona, Ezron sanali dalaivala wamasewera. Kwa zaka zingapo ankayendetsa lole ya mkaka pa famu ya mzungu wina kufupi ndi Palabana, ndipo Yotam anali womuthandiza kukweza zigubu. Ezron yemweyo ndiye anaphunzitsa mng'ono wakeyo kuyendetsa. Vuto linali loti mwanayo anaphunzira mopitirira. Posakhalitsa antchito a pafamupo anayamba kunena kuti Yotam akayendetsa, mkaka umafika ku Lusaka osatayika ngakhale dontho. Ezron ankaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Mu 1956 famuyo inagulitsidwa, mwini watsopano anabwera ndi anthu ake, ndipo anyamata awiriwa anabwerera ku khasu, malaisensi awo ali m'thumba.

Tsono kutamveka kuti kampani ya Langford ikufuna dalaivala wa lole yatsopano, tulo tinawathera onse awiri. Kampaniyo inali ndi masitolo akuluakulu kuyambira ku Lusaka mpaka ku Fort Jameson, ndipo katundu wake inkanyamula pa malole akeake obiriwira. Dalaivala wa Langford ankavala khaki wosita ndi chipewa chamlomo, ankapatsidwa nyumba ya njerwa, ndipo akaima pa Chongwe kumwa tiyi, ana ankathamangira kukangoona nsapato zake.

"Akulu, mwangoti zii bwanji?" anafunsa Yotam akupuma wefuwefu pachitunda. "Mukuopa?"

"Palasa njinga, iwe. Nikaope chani? Galimoto ninayamba kuyendetsa iwe ukali kudontha mamina."

Yotam anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Mayesowo ankachitikira pabwalo la nyumba yosungiramo katundu wa kampaniyo, pafupi ndi mlatho wa Chongwe. Anapeza amuna ambiri atafika kale, ena ochokera ku Bundabunda, ena ku Lusaka kumene. Wowayesa anali kapitao wa madalaivala, a Nason Sakala, bambo wamfupi, wamimba, wolankhula chitauni.

"Shani, madalaivala!" anakuwa a Nason. "Ija ya nyowani muiyang'ane chabe na maso. Tiyesera pa iyi nkhalamba. Sitata yake inafa kudala, kalekale, ilira na handulo."

Handulo inali chitsulo chopindika chimene munthu ankalowetsa kutsogolo kwa lole n'kupukusa ndi mphamvu mpaka injini italira. Inali ntchito yoopsa, chifukwa woyendetsa akasiya giya ilimo, loleyo inkalumphira wopukusayo. N'chifukwa chake ali ku famu kuja Ezron anaika lamulo pakati pa iye ndi mng'ono wake: wotsika m'lole azichotsa giya, azitseka chitseko, kenaka azichigogoda ndi nkhonya. Kugogodako kunkatanthauza kuti, "Yamasuka, pukusa usaope." Tsiku lina Yotam akuphunzira anagogoda giya ilimo, ndipo Ezron anamuwomba khofi loti mpaka lero akalikumbukira amagwira tsaya.

Mayeso oyamba anali a pachitunda. Munthu ankaimitsa lole pakati pa chitundacho, a Nason n'kuika bokosi la machesi kumbuyo kwa tayala, ndipo ankafunika kunyamuka osabwerera m'mbuyo. Mabokosi anaphwanyika tsiku limenelo! Wina wa ku Lusaka, amene anabwera atavala tayi, anabwerera m'mbuyo mpaka kukagwetsa mpanda wa nkhuku za mlonda.

Ezron anakankha mng'ono wake ndi chigongono. "Wamkulu ndiye ayamba," anatero. Anakwera, nanyamuka bwino ndithu, koma tayala linapsompsona bokosilo pang'ono, ngodya imodzi n'kupindika. A Nason anagwedeza mutu movomereza. Ezron anabweza lole pabwalo, nachotsa giya, natsika, nagogoda chitseko. Yotam, osayang'ana n'komwe m'kati, anagwira handulo napukusa.

"Kugogoda uku n'kwa chani?" anafunsa a Nason.

Yotam anawafotokozera mwachidule. Kapitaoyo anayang'ana abale awiriwo nthawi yaitali.

Yotam atanyamuka pachitunda paja, bokosi linatsala chiimire ngati silinaonepo lole. A Nason analitola, naligwedeza kuti onse amve machesi akulira, natulutsa kamtengo kamodzi n'kuyatsira fodya wawo. Anthu anawomba m'manja.

"Iwe mwana, anakuphunzitsa ndani?"

"Akulu anga awa, ba kapitao," anayankha Yotam monyadira, akuloza Ezron.

"Ehe! Mwana wa sukulu wapambana aticha!" anakuwa wa tayi uja, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko.

Ezron yekha sanaseke. Anamuchitira nsanje mng'ono wakeyo, nsanje yeniyeni yowawa, yoti ngakhale kaimidwe kake kankamunyansa. M'maganizo mwake anaona kale Yotam atavala chipewa chamlomo, akutsitsa shuga ndi nsalu pakhomo pa amayi awo, iye ali potero ndi khasu paphewa. Atambala awiri salira m'khola limodzi, anadziuza, ndipo tambala wamkulu ndi iye.

Pofika masana anatsala anthu ochepa. Mayeso achiwiri anali olowetsa lole chambuyo pakati pa migolo mpaka pakhomo la nyumba ya katundu, kenaka n'kuibweza pamalo pake. Ezron anayambanso, ndipo anayendetsa mwaluso, osakhudza mgolo ndi umodzi womwe. Akanangotsika basi, tsikulo likanakhala lina.

Koma atazimitsa injini, dzanja lake linakhala pa giya. "Ingodumpha pang'ono n'kuzima," anaganiza. "Anthu amuseka, kapitao aona kuti ndi mwana wosasamala, basi." Nsanje ilibe maso. Sanaone kuti loleyo yaima potsetsereka, injini ili yotentha, ndipo patsogolo pake pali mulu wa migolo. Anatembenuzanso kiyi monga ankachitira posiyira mnzake, nasiya giya ilimo ndi buleki yosakoka bwino. Anatsika, natseka chitseko, nachigogoda.

Yotam anamwetulira, nalavulira m'manja, nalowetsa handulo. Atakoka, handuloyo inalemera modabwitsa. Anadzutsa mutu nayang'ana mkulu wake. Apa mpamene Ezron akanalankhula. Koma anayang'ana kumbali, ndipo Yotam, pokhulupirira kugogoda kuja kuposa manja ake omwe, analimbitsa miyendo nakoka ndi mphamvu zake zonse.

"Yotam, leka!"

Mawuwo anachedwa. Injini inabangula, lole inalumpha. Handulo inamenya dzanja la Yotam, iye nadziponya kumbali, tayala n'kudutsa pamene panali mwendo wake. Loleyo inakagunda migolo ija, phokoso lake ngati mabingu, anthu balalabalala. A Nason, ndi mimba yawo yomweyo, anathamanga nadumphira pachitseko n'kuzimitsa injini.

Yotam anadzuka pafumbi atagwira dzanja lake lamanja, limene linali litayamba kale kutupa. A Nason anatsika m'lole pang'onopang'ono.

"Giya inalimo," anatero, maso ali pa Ezron. "Koma ine ninamvera na matu yanga kuti wagogoda."

"Ninaiwala, ba kapitao," anayankha Ezron.

"Iyai," anatero Yotam. Sanakweze mawu, ankalankhula ngati akudziuza yekha. "Akulu anga saiwala giya. Sanaiwalepo olo tsiku limodzi." Atatero anamva yekha tanthauzo la zimene wanena. Anayang'ana mkulu wake, ndipo Ezron analephera kupirira maso amenewo.

A Nason anavula chipewa napukuta thukuta. "Mverani, imwe anyamata. Lole ya nyowani iziyenda Lusaka mpaka Fort Jameson osagona panjira. Siifuna dalaivala umodzi, ifuna awiri. Wina ayendetsa, wina agona. Pamene ninaona kugogoda kwanu kuseni, m'mawa muja, ninati basi, anthu anga nawapeza, awa akhulupirirana. Mayeso aya achiwiri ninangofuna kutsiriza mwambo."

Ezron anagwira mutu. Awiri! Ntchito inali kale m'manja mwake kuyambira m'mawa, iye osadziwa.

"Manje nifunse iwe, Yotam," anapitiriza kapitaoyo. "Dzanja lizapola, nchito ni yako. Koma uniuze zoona. Pa Manenekela paja, pamene mseu uzungulira pamwamba pa phompho, ungagone tulo uyu ali pa chiwongolero? Ukati inde, nimulemba lero lomwe."

Ezron anafuna kugwada, kupepesa, kunena chilichonse, koma anangoweramitsa nkhope. Yotam anayang'ana dzanja lake lotupa, nayang'ana mkwasa wa tayala pafumbi paja.

"Dzulo nikanagona, ba kapitao," anatero.

A Nason anavala chipewa chawo. Malo achiwiriwo anapatsa Gilbert, mnyamata wofatsa wa ku Bundabunda amene anachita bwino pamayeso onse awiri.

Pobwerera Yotam sakanatha kugwira njinga. "Kwera, nikunyamule," anatero Ezron motsitsa mawu.

"Niyenda pansi, akulu."

Anayendadi pansi mtunda wonsewo, Ezron akukankha njinga pambuyo pake. Atafika kumudzi, a Nelesi anathamanga kudzawachingamira, ndipo ataona dzanjalo analira. Yotam anangoti, "Ni handulo yanimenya, amama. Nchito napeza." Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ezron akanakonda kutukwanidwa pamaso pa mudzi wonse kusiyana ndi chifundo chimenecho.

Miyezi inapita. Ezron ankalima, ndipo nsanje ija inamuthera yokha, m'malo mwake munalowa manyazi ndi kusowa mng'ono wake. Akamva kulira kwa lole kumseu waukulu, ankaimika khasu n'kumvetsera.

Tsiku lina m'nyengo yozizira uthenga unafika kuti Yotam aima pamphambano kuti asiye katundu wa amayi. Ezron anafika pamalopo dzuwa lisanatenthe. Lole yobiriwira inaima, Yotam anatsika atavala khaki ndi chipewa chamlomo, napereka moni mwaulemu, mwinanso mwaulemu wopitirira. Anatsitsa thumba la shuga, bulangeti la amayi, ndi malaya atsopano.

"Aya ni yanu, akulu."

Ezron anawalandira ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Anacheza pang'ono za mvula ndi za mbuzi. Nthawi yonyamuka itakwana, loleyo inakana kulira, batire itafooka ndi kuzizira. Gilbert anali atapita kukatunga madzi a injini pachitsime, choncho Yotam anasolola handulo pansi pa mpando napita kutsogolo.

Ezron anaona mwayi wake. Anakwera msanga, nachotsa giya, naigwedeza uku ndi uku kuti atsimikize, nakoka buleki mpaka kumapeto. Anatsika, natseka chitseko, nachigogoda mwamphamvu, ndi mtima wake wonse, kuti mng'ono wake amve.

Yotam anamva. Anaima kanthawi atagwira handulo. Kenaka anaiika pansi, nazungulira lole, natsegula chitseko chija, nakwera, nagwira giya ndi dzanja lake.

"Zikomo, akulu," anatero potsika, ndipo anapita kukapukusa.