Kasefa ka Yotamu

Kasefa kanayamba ntchito Yotamu Chikuse asanatuluke n'komwe pabwalo la ndege. Loboti yovala ngati namwino inamuboola kuseri kwa khutu n'kulowetsamo kanthu kochepa ngati njere ya mapira. Nthawi yomweyo fungo la thukuta la anthu a pamzere linazilala. Ntchentche zimene zinali pagalasi zinasowa.

"Kamasefa zimene maso, mphuno ndi makutu zikutumiza ku ubongo," inatero lobotiyo. "Chokunyansani chilichonse sichifika. Ambiri obwerera kumudzi amakakonda."

Yotamu anali atakhala ku Norway zaka zoposa makumi awiri. Atabwera kudzacheza kalelo, anasanza pakati pa msika wa ku Balaka anthu akuona. Tsopano, mu 2074, anali atabwereratu, ndipo sankafuna kuchitanso manyazi otero.

Kunyumba anapeza mayi ake ali gone, mwendo uli ndi bala la matenda a shuga. Amene ankawasamala anali mlongo wake wamkulu, Esnati, amene anasiya banja lake ku Ntcheu.

"Achemwali, pitani mukaone ana. Mayi ndikhala nawo ine."

Esnati anamuuza katsukidwe ka bala, n'kunyamuka.

Masiku amenewo Yotamu anaikonda Balaka. Ngalande sizinkanunkha, fumbi silinkaoneka. M'mawa ankamasula bandeji, n'kuona khungu losalala bwinobwino, n'kumanganso osatsuka. Mayi akatsegula pakamwa, iye ankamva ngati akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo ankawamwetulira.

Esnati atabwerera, anaima pakhomo n'kutseka mphuno ndi chitenje.

"Yotamu, chafera m'nyumba muno n'chiyani?"

"Palibe, achemwali. Bala lija linapola."

Esnati analowa kuchipinda. Potuluka sanakalipe. Anangomuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira chimene waponda.

"Zimitsa chinthu chakocho, ulowe."

Yotamu anadina kuseri kwa khutu. Fungo linamulowa mpaka kukhosi. Ntchentche zinali bii pamphasa. Mwendo unali utada mpaka m'bondo, mphutsi zikutuluka m'mphepete mwa bandeji imene iye anamanga m'mawa womwewo. Nyimbo ya kwaya panalibe. Mayi ankabuula, mawu atasasa.

"Mwanangu, ndakhala ndikukuuza kuti ndikupsa. Iwe kumangoseka."

Kuchipatala anaudula mwendowo tsiku lomwelo. Mayi atatsitsimuka, Yotamu anabwera ndi beseni la madzi ofunda, kuseri kwa khutu kuli kachilonda pamene anachotsa kasefa. Mayi anatembenukira kukhoma.

"Andisambitse Esnati," anatero.

Yotamu anatuluka nalo beseni lija, n'kukhala pakhonde mpaka madzi anazizira. Ankafuna kukatukwana amene anapanga kachipangizoko, koma sanapeze chowanenera. Kasefa sikanalakwitse chilichonse: kanangobisa zimene mwini wake ankanyansidwa nazo, ndipo zina mwa izo zinali ululu wa mayi ake omubereka.